Nyumba Zakale za m'Malokesheni a Harare ndi Mabvuto a Kuzisunga

Munthu wokhala ku Mufakose, lokesheni yaikulu imene iri kumadzulo kwa mzinda wa Harare, akakwera basi m'mamawa kunka ku nchito amapitirira nyumba zambirimbiri zofanana, zazing'ono, zofoleredwa ndi asbestos, ndipo sizimfikira m'mutu kuti zimene akuzionazo ndi zinthu zakale. Kwa anthu ambiri chakale ndicho malinga amiyala a ku Great Zimbabwe, kapena nyumba zamakhonde zimene Azungu oyamba anamanga m'tsinde mwa phiri la Kopje. Koma zaka zikawerengedwa bwino nkhani isanduka ina. Market Hall, nyumba ya msika imene iri m'gulu la nyumba zakale koposa mumzindamo, inatha kumangidwa mu 1894. Ndipo pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953, nyumbayo inali isanakwanitse zaka 60. Nyumba zoyamba za ku Mufakose zinamangidwa cha m'ma 1960, motero lero zaupitirira kale msinkhu umenewo. Ana amene anabadwiramo ali ndi adzukulu tsopano.

Nkhani imeneyi siiri ya anthu a ku Zimbabwe okha ai. Omvera a ku Malawi ndi a ku Zambia ali nayo mbali, pakuti m'midzi yambiri ya ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Chipata ndi Katete muli mabanja amene agogo ao anapita ku Halale, ena nabwera ndi njinga ndi makina osokera, ena osabweranso, nachedwa machona. Oyamba anayenda pansi, kudzera ku Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, nalowa m'dziko la Southern Rhodesia cha ku Mtoko. Pambuyo pache kunadza magalimoto a Ulere onyamula anthu osalipiritsa, ndiponso bungwe lolemba anchito limene anthu analicha Mthandizi. Ambiri anakathera m'mafamu a fodya ndi m'migodi, koma ambirinso anafika mu Salisbury, nagwira nchito ya ukhuki, ya utelala, ya m'mafakitale, ya pa njanji, ndi ya kuumba njerwa ndi kumanga. Njerwa zambiri za mzindawo zinadzera m'manja mwa anthu olankhula Chinyanja, Chiyao, Chitonga ndi Chisena. Ndipo kufikira lero ku Mufakose, ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku ndi ku Tafara kuli a Phiri, a Banda ndi a Mwale amene sanaonepo nyanja ya Malawi.

Kuti munthu amvetse chifukwa chache nyumba za m'malokesheni ziri zobvuta kusunga, ayenera kuyamba wadziwa m'mene zinamangidwira, ndi mwini wache. Lokesheni yoyamba, imene masiku amenewo inali kuchedwa Harare ndipo lero ichedwa Mbare, inakhazikitsidwa pamalo pache mu 1907. Highfield inatsatira m'zaka za m'ma 1930, Mabvuku m'zaka za m'ma 1950, ndipo Mufakose inadza pamene mzinda unali kukula msanga ndi chuma cha Chitaganya, chuma chimene anthu a kumpoto anali kudandaula kuti chinali cha mkuwa wao. Dzina lakuti Mufakose ndilo dzina laulemu la anthu a pfuko la Shava a kwa mfumu Hwata, amene anakhala m'dziko lozungulira malowa Azungu asanafike. Koma ngakhale lokesheni inalandira dzina la eni dziko, nyumba zache sizinali za okhalamo. Lamulo la kugawa dziko la 1930 linaika mizinda m'chigawo cha Azungu, ndipo lamulo lina la 1946 linati munthu wakuda akhale m'tauni chifukwa cha nchito, nyumba yache ilipiridwe kudzera kwa bwana wache. Nchito ikatha, nyumba inali kuthanso. Munthu wotere sakanatha kudzala mtengo pakhomo ndi mtima wonse, ndipo denga likadontha nchito yache inali imodzi yokha, ndiyo kukanena ku ofesi ya woyang'anira lokesheni ndi kudikira amisiri a Khonsolo.

Pakati pa nyumba zazing'onozo panaima nyumba zina zazikulu, ndizo maholo. Awa ndiwo ayenera kuchedwa chuma cha mbiri koposa zonse, chifukwa m'menemo ndimo munachitika zinthu zimene zinatembenuza dziko. Holo yakale ya ku Mbare inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti ikhale nyumba ya masewera ndi misonkhano. Lero idziwika ndi dzina la Mai Musodzi. Amai amenewa, Elizabeth Musodzi Ayema, analeredwa ku mishoni ya Chishawasha itatha nkhondo ya 1896 ndi 1897, ndipo anakwatiwa ndi wapolisi wochokera ku Northern Rhodesia. Anali mlimi wa ndiwo zamasamba, ndipo mu 1938 anathandiza kuyambitsa bungwe la amai a m'lokesheni, limene linaphunzitsa kusoka ndi kusamala odwala, nilimbana ndi akulu a mzinda kuti akazi apatsidwe chipatala chochirira ndi kuti aleke kuwapitikitsa m'tauni monga anthu opanda pao. Mu 1947 analandira mendulo ya M.B.E., ndipo atamwalira mu 1952 holoyo inapatsidwa dzina lao.

M'lokesheni yomweyo, mu 1955, anyamata ena anayambitsa bungwe la City Youth League. Pakati pao panali James Chikerema, George Nyandoro, ndi mnyamata wa ku Karonga dzina lache Dunduzu Chisiza, amene anali kalaliki ku ofesi ya woimira dziko la India mu Salisbury. Mu 1956 bungwelo linatsogolera anthu kukana kukwera mabasi chifukwa cha kukwera kwa mtengo, ndipo chaka chomwecho Boma linampitikitsa Chisiza kumbwezera kwao ku Nyasaland. Pa 12 September 1957 anthu anadzaza holo ya Mai Musodzi, nakhazikitsa African National Congress ya Southern Rhodesia, nasankha Joshua Nkomo kukhala mtsogoleri. Tsono munthu wofuna kuloza ndi chala malo amene ndale za ufulu wa Zimbabwe zinaimirira, sangathe kuilambalala nyumba imeneyi. Pafupi pache pali Stodart Hall, imene inalandira dzina la Mzungu woyang'anira lokesheni, ndipo chilandirire ufulu kwakhala mwambo wakuti mitembo ya ngwazi za dziko iyambe yafika m'menemo anthu aione, isanapite kukaikidwa ku Heroes Acre. Ku Highfield kuli Cyril Jennings Hall, ndipo ku Mufakose kuli Rutendo Hall.

Koma masiku ambiri a maholowa sanali a ndale. Munali kanema Loweruka madzulo, magule a suti ndi tayi, mipikisano ya makwaya, maukwati, ndi nkhonya, zimene anyamata a m'lokesheni anazikonda zedi, ndipo kawirikawiri anali kugawana magulu monga mwa mitundu yao. Munali kukomana mabungwe a maliro, amene kwa mlendo wakutali anali ngati abale ache eni eni, pakuti ndiwo anali kugula bokosi ndi kulemba kalata yonka kumudzi. Munthu amene nyumba yache inali ya zipinda ziwiri analibe pena pochitira phwando la mwana wache koma m'holo.

Nanga ndalama zomangira ndi zosungira maholowa zinali kuchokera kuti? Yankho lache ndi lodabwitsa pang'ono: zinali kuchokera ku mowa. Mizinda ya Southern Rhodesia inatengera machitidwe amene anayambira ku Durban cha m'ma 1908, akuti Khonsolo yokha ndiyo ifulule ndi kugulitsa mowa wa masese m'lokesheni, ndipo wina aliyense wofulula agwidwe. Phindu la mowawo linali kuikidwa m'thumba lapadera, ndipo m'thumba limeneli ndimo munali kuturuka ndalama za maholo, mabwalo a mpira, zipatala zazing'ono ndi magetsi a m'miseu. Azungu olipira msonkho m'mzinda anakondwera nako, popeza lokesheni inali kudzilipirira yokha. Abusa ndi amai a mvano sanakondwere ai, poona kuti malipiro a amuna ao anali kuthera kumeneko. Ndipo amai ofulula mobisa, amene anali kuthamangitsidwa ndi apolisi, anali ndi mlandu wao wina. Onsewa anali ndi mfundo. Koma ponena za nyumba zokha, machitidwewa anali ndi ubwino umodzi woonekeratu, ndiwo wakuti holo inali ndi thumba lodziwika, ndi amisiri olembedwa nchito ya kuiyang'anira chaka ndi chaka. Mwamuna womwa chipanda chache Lamulungu masana sanadziwe kuti ali kugula penti.

Ufulu utadza mu 1980, ndipo dzina la mzinda litasinthidwa kukhala Harare mu 1982, thumba lija linayamba kuphwa pang'onopang'ono. Anthu anali omasuka tsopano kumwa kumene afuna ndi mowa umene afuna, ndipo nyumba za mowa za Khonsolo zinapeza opikisana nazo ambiri. Kampani ya Khonsolo yoyendetsa nyumbazo, Rufaro Marketing, inafooka m'kupita kwa zaka, kufikira zambiri zinatsekedwa kapena kubwereketsedwa kwa anthu ena. Magwero ena a ndalama anachokanso: nchito ya kugulitsa magetsi, imene kale inali m'manja mwa mizinda ikuluikulu, inapita ku bungwe la dziko lonse la ZESA m'zaka za m'ma 1980, ndipo pambuyo pache msonkho wa magalimoto unapita ku bungwe la miseu. M'menemo anthu anali kuchuluka, malokesheni atsopano nabuka, onse ofuna madzi, miseu ndi zipatala.

Akulu amati mvula ikakuona litsiro siikata. Khonsolo yosankhidwa ndi anthu inaimitsidwa ndi Boma mu 1999. Meya Elias Mudzuri, amene anasankhidwa mu 2002, anaimitsidwa chaka chotsatira, ndipo kwa zaka zingapo mzinda unayendetsedwa ndi anthu oikidwa ndi nduna. Nchito ya kusunga nyumba ifuna munthu woganiza za zaka khumi zakutsogolo, ndipo munthu wosadziwa ngati adzakhalapo chaka chamawa saganiza motero. Kenaka ndalama ya dziko inagwa. Boma lomwe linalengeza kuti mu July 2008 mitengo ya zinthu inakwera ndi 231 miliyoni pa 100 aliyense pa chaka, ndipo mu January 2009 kunaturuka ndalama ya pepala ya madola 100 thililiyoni. Ndalama iriyonse imene inasungidwa kuti idzagule malata inasanduka mapepala achabe. Amisiri ambiri odziwa nchito, akalipentala, omanga ndi a mipopi, anaoloka Limpopo kapena kupita ku Botswana. M'nyengo yomweyo, 2008 ndi 2009, kolera inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, ndipo Budiriro, lokesheni yoyandikana ndi Mufakose, inali pakati pa malo okanthidwa koposa. Apa mpofunika chilungamo. Khansala amene ali ndi ndalama zochepa m'manja, nafunsidwa kusankha pakati pa mankhwala otsukira madzi akumwa ndi denga la holo, sangatsutsidwe akasankha madzi. Chobvuta ndi chakuti denga silidziwa zimenezo. Ndipo mu July 2013, masiku owerengeka chisankho chisanachitike, nduna yoyang'anira makhonsolo, Ignatius Chombo, inalamula kuti ngongole zonse za madzi ndi msonkho zimene anthu anali nazo kuyambira 2009 zifafanizidwe. Osauka ambiri anapuma, koma iwo amene analipira mokhulupirika anadziona opusa, ndipo kuyambira pamenepo kutolera msonkho kunabvuta koposa kale.

Nyumba ya njerwa siigwa tsiku limodzi. Imfa yache iyambira pamwamba, ndipo iyamba ndi kanthu kakang'ono kosati nkukambidwa pa msonkhano. Masamba ndi pfumbi la m'chilimwe zidzaza ngalande ya m'mphepete mwa denga. Mvula yoyamba ya mu November ikagwa, madzi asowa njira, nasefukira pa khoma. Chaka choyamba penti yekha ndiye asupuka. Chaka chachiwiri ngalande yachita dzimbiri niboka, ndipo mapeto a mitengo ya denga ayamba kubvunda. Mtengo wonyowa uitana chiswe, ndipo chiswe chidya m'kati, kunja nkusiya khungu looneka lamoyo, kotero kuti woyang'ana ali pansi saona kanthu kufikira tsiku limene denga liwerama. Pansi napo madzi osachotsedwa alowa m'maziko, nakwera m'njerwa monga mafuta akwera m'chingwe cha nyale. Mchere wa m'nthaka ukwera nao, ndipo pouma uphwanya nkhope ya njerwa kuisandutsa ufa. Kamtengo ka mkuyu kamene mbalame inadzala m'mng'alu kangathe kuzulidwa ndi mwana chaka choyamba. Chaka chachisanu kafuna nkhwangwa, ndipo mizu yache yang'amba kale khoma. Nchito imene ikanatha ndi munthu mmodzi, makwerero ndi tsache m'mawa umodzi wa October, isanduka nchito ya kontrakitala ndi mapepala ambiri, ndipo popeza ndalama zotere palibe, iikidwa pambali kudikira chaka china.

Pamwamba pa izi pali mabvuto a masiku ano. Madzi akasowa m'mipopi masiku ambiri, monga kuchitika kawirikawiri m'malokesheni a kumadzulo kwa Harare, zimbudzi za holo zitsekeka, ndipo holo yopanda chimbudzi palibe woifuna pa ukwati. Alonda akachepa, akuba achotsa mipopi ya mkuwa, mawaya a magetsi, zitseko ndi mafelemu a mazenera, pakuti zonsezi ziri ndi msika. Madenga a asbestos, amene anali otsika mtengo chifukwa mwalawo unali kukumbidwa m'dziko momwemo ku Shabani ndi Mashaba, akakalamba auma nang'aluka, ndipo tsopano chidziwika kuti pfumbi lache liononga mapapo. Motero ngakhale kuwachotsa kufuna anthu ophunzitsidwa. Komanso holo ikabwerekedwa ndi mpingo kapena eni ukwati, ndalama ya lendi siikhala pa holopo ai. Ilowa m'thumba lalikulu la mzinda, m'mene ikomana ndi malipiro a anchito ndi ngongole zakale, ndipo siibweranso.

Munthu angaganize kuti ndalama zikapezeka bvuto latha. Si tero. Kukonza kolakwika kwaononga nyumba zakale zambiri m'maiko ano. Chitsanzo chodziwika ndi cha ku Great Zimbabwe. Mu 1902 Richard Hall anapatsidwa nchito ya kusamala malowo, ndipo iye, pokhulupirira kuti malingawo sanamangidwe ndi anthu akuda, anakumba ndi kutaya dothi lambiri limene munali mapale ndi zizindikiro za eni ache, kufikira anachotsedwa nchito mu 1904. Omtsata m'zaka zapambuyo anamanganso makoma ndi zipata zina zakugwa monga anaganizira iwo eni, ndipo akatswiri a masiku ano abvutika kusiyanitsa nchito ya makolo ndi nchito ya okonza. M'nyumba za njerwa cholakwa chofala ndi simenti. Nyumba zakale zenizeni, monga Market Hall, kapena tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chimene David Clement Scott ndi amisiri a kumeneko anamanga kuyambira 1888 kufikira 1891, ziri ndi njerwa zofewa zoumbidwa pamanja. Khoma lotere lipuma: limwa chinyezi nthawi ya dzinja, nilichiturutsa m'chilimwe. Mmisiri wa lero, amene anaphunzira simenti yokha, akaona khoma likunyenyeka alimata ndi simenti yolimba, napakapo penti wamafuta, ndipo aliyense ayamika kuti nyumba yakongola. Koma chinyezi chatsekeredwa m'kati, ndipo patapita zaka zochepa pulasitala agwa pamodzi ndi nkhope ya njerwa. Maholo a m'malokesheni ndi olimbirapo, koma nao akomana ndi tsoka lofanana: pansi pa matabwa pamene anthu anabvinapo zaka makumi ambiri pangathe kuchotsedwa tsiku limodzi ndi kuikapo matailosi, ndipo wochita zimenezi adzati wakonza.

Lamulo lithandiza pang'ono pokha. Lamulo lina losunga zikumbutso mu Southern Rhodesia linapangidwa mu 1936, ndipo chaka chotsatira Great Zimbabwe analembedwa kukhala chikumbutso cha dziko. Mu 1972 nchito ya zikumbutso inaphatikizidwa ndi ya nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo bungwe limene linabadwa pamenepo lichedwa tsopano National Museums and Monuments of Zimbabwe. Lamulo lache liti munthu wofuna kugwetsa kapena kusintha kwambiri nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1910 ayambe wadziwitsa bungwelo. Chaka chimenechi chinena zambiri. Chisanafike 1910 nyumba zanjerwa za mu Salisbury zinali masitolo, mabanki, mahotela ndi maofesi a Azungu. Anthu akuda anali m'timisasa timene sitinasiye chizindikiro. Mzere wa 1910 usunga mbiri ya mbali imodzi ya mzinda, nusiya kunja maholo onse a m'malokesheni, amene kuti atetezedwe ayenera kulengezedwa imodzi imodzi. Ndipo ngakhale nyumba italengezedwa, chikwangwani sichidza ndi ndalama. Mwini nyumba akhalabe Khonsolo, wodziwa kukonza ali ku bungwe la zikumbutso, wolamula ndalama ali ku unduna, ndipo ogwiritsa nyumbayo ali m'lokesheni. Anthu anai amenewa sakhala pa mkeka umodzi kawirikawiri. Kupenda kwa Peter Jackson, mmisiri wa mapulani amene mu 1986 anasindikiza buku lofotokoza nyumba zakale za Harare zomangidwa pakati pa 1890 ndi 1940, kunathandiza anthu kuona mtengo wa nyumba za pakati pa mzinda. Malokesheni afuna nchito yonga yomweyo, ya kuyesa, kujambula ndi kulemba, nthawi isanathe.

Nyumba zogonamo ziri ndi nkhani yao yosiyana. Utadza ufulu, zambiri za nyumba za Khonsolo zinagulitsidwa kwa iwo amene anali kukhalamo, ndipo kwa mabanja ambiri, ngakhale a machona, aka kanali koyamba kukhala ndi pao m'tauni. Pomwepo panaoneka kusintha. Munthu amene kale anali kudikira amisiri a Khonsolo anayamba kukwera yekha padenga. Anamanga mpanda, anakuza mazenera, anaonjeza zipinda kumbuyo za ana ndi za alendi. Nyumba zimenezi zasungika bwino koposa maholo, koma zasungika mwa kusinthika, kotero kuti nyumba ya ku Mufakose imene iri monga inamangidwira iri kusowa chaka ndi chaka. Wokonda mbiri angadandaule. Koma ndani angauze nkhalamba yolera adzukulu asanu ndi mmodzi kuti isaonjeze chipinda, kuti alendo adzaone m'mene anthu anali kupanikizidwira kale? Pamene Boma linagwetsa zipinda zosaloledwa mu 2005, pa nchito yochedwa Murambatsvina, nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerenga kuti anthu okwana 700,000 anataya pogona kapena popezera chakudya. Nyumba zambiri zinabwerera m'maonekedwe ao akale masiku amenewo, koma palibe munthu wanzeru amene angachiche chimenecho kusunga mbiri. Ku Mbare, nyumba zosanja za Matapi, zimene zinamangidwira amuna osakwatira, lero zikhala mabanja athunthu m'chipinda chimodzi. Ziri ndi mbiri yaikulu, pakuti zionetsa poyera maganizo a Boma la kale pa wanchito wakuda. Koma okhalamo afuna madzi ndi zimbudzi, ndipo ambiri akanakondwa kuziona zitagwetsedwa ngati akanapatsidwa pena.

Pali chinthu chinanso chimene chikhudza makamaka ana a machona. Nyumba ya onse isungika ngati ogwiritsa ali ndi mau kwa woisunga, ndipo mau a munthu wa m'tauni ndiwo voti yache. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa kotero kuti anthu obadwira mu Zimbabwe, amene makolo ao anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, anayenera kukana unzika wa maiko amene ambiri a iwo sanawaonepo. Olephera kutero analembedwa pa chitupa kuti ndi alendo, nachotsedwa m'kaundula wa ovota. Malamulo akulu a dziko a 2013 anawabwezera unzika, koma zaka khumi ndi ziwiri zinali zitapita, ndizo zaka zomwezo zimene maholo anaonongeka koposa. Mdzukulu wa munthu amene anaumba njerwa za holo analibe mphamvu ya kufunsa khansala za denga lache.

Pamene anthu omwewa anali ndi nyumba zaozao, zinthu zinayenda mwina. Mbusa T. C. B. Vlok wa mishoni ya Nkhoma anafika mu Salisbury mu 1912 kutsata Akristu a ku Nyasaland, ndipo mpingo umene unakula pa nchito imeneyo unakhala sinodi yaokha ya C.C.A.P. mu 1965. Asilamu a Chiyao nao anamanga mizikiti yao. Nyumba zopemphereramo zimenezi sizinaone chuma chambiri, ndipo zina nzosauka ndithu. Koma denga likadontha Lamulungu, onyowa ndiwo omwe asonkha, ndipo mkulu wa mpingo amene analandira ndalama ya malata akomana ndi osonkhawo sabata iriyonse. Gule Wamkulu, amene anthu a Chishona amcha zvigure, ndipo amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, abvinidwabe ku Mufakose ndi m'malokesheni ena. Iye safuna denga, koma afuna bwalo, ndipo mabwalo ali kuchepa pamene malo opanda nyumba agawidwa kukhala mapuloti.

Mabwalo a mpira aonetsa mbali zonse ziwiri. Rufaro ku Mbare, kumene mbendera ya Britain inatsitsidwa usiku wa pa 17 April 1980, Bob Marley naimba pamaso pa khamu, linafika poti masewera akulu sangachitikemo, ndipo linakhala lotseka zaka zingapo kufikira Khonsolo inalikonza nilitsegulanso mu 2024. Linakonzedwa chifukwa matimu akulu ndi owatsata zikwi zambiri sanaleke kuliliza, ndipo manyuzipepala sanaleke kulemba. Gwanzura ku Highfield, limene mbiri yache siichepa, linakhala zaka zambiri losaona masewera a ligi yaikulu. Holo ya m'lokesheni yonga Rutendo iribe timu yoilirira. Oidziwa bwino ndiwo nkhalamba zimene zinakwatiramo, zinaonamo kanema woyamba, kapena zinakhalamo pa msonkhano wa bungwe la maliro kuwerenga masheleni otumiza kumudzi. Ndipo nkhalambazo ziri kutha, zambiri osafunsidwa ndi munthu kuti khomo linali mbali iti, nanga pansi panali matabwa kapena simenti. Mmisiri amene adzapatsidwe nchito ya kukonza maholowa adzafuna mayankho amenewo pamodzi ndi mapulani akale, ndipo mapulaniwo, ngati alipo, ali m'makabati a Khonsolo, m'maofesi amene madenga ao nao afuna wokwerapo.